Mutu wa khanda ukamakula mopitirira: yankho kwa mayi wa ku Bangwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala ku Bangwe, ndipo atandilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo, ndaganiza zolemba motalikirapo chifukwa funso lawo likusowetsa tulo mabanja enanso ambiri. Mwana wawo wamwamuna ali ndi miyezi inayi. Ali ndi masabata awiri anatentha thupi kwambiri, anasiya kuyamwa, anakomoka kangapo, ndipo anagonekedwa m'chipatala n'kumalandira majakisoni mpaka anachira. Koma kuyambira mwezi wathawu mutu wake ukukula mofulumira kotero kuti tizipewa tonse tikumuthina, liwombo latukumuka, mitsempha ya pamutu ikuonekera, ndipo maso ake akumayang'ana pansi ngati dzuwa likamalowa kuseri kwa phiri. Achipatala cha kwawoko awalembera kalata yopita ku Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, koma bambo a mwanayo ndi agogo ake akukana, akuti khanda lotere akaling'amba mutu silingadzuke, ndipo ena akunong'ona za tsempho ndi za anthu oipa. Mayiwo akufunsa kuti matendawa ndi otani, ngati pali mankhwala akumwa amene angachize, ndiponso ngati n'kulakwa kudikira kuti mwana akhwime kaye.

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndi limene lili ndi changu. Musadikire. Tengani kalatayo, buku la kuchipatala la mwanayo ndi zovala za masiku angapo, mupite ku Queens sabata yomwe ino, ndipo ngati mwana wayamba kusanza pafupipafupi, kugona mosadzuka msanga, kukana bere kapena kukomoka, mupite lero lomwe ngakhale kutada. Ine sindingapime mwana kudzera m'kalata, ndipo amene adzanene mawu otsiriza ndi madokotala akamuona ndi kumujambula m'mutu, koma zizindikiro zimene mwafotokozazi ndi zimene ana a matenda otchedwa hydrocephalus amakhala nazo, amene ambirife timangoti madzi a m'mutu. Nkhaniyi ndimaitsatira kwambiri chifukwa zaka zapitazo ndinakhalapo gadiyani wa mwana wa mng'ono wanga amene anadwala matenda omwewa, ndipo zimene banja lathu linalakwitsa nthawi imeneyo sindifuna kuti zikuchitikireni.

Madzi amenewa sachokera kunja, ndipo si madzi osamba kapena akumwa amene alowa m'mutu monga ena amaganizira. Munthu aliyense wamoyo ali nawo. Mkati mwa ubongo muli tizipinda tinayi tolumikizana, ndipo m'tizipindamo muli tinyama tofewa, todzaza ndi timitsempha ta magazi, timene ntchito yake ndi kupanga madzi oyera mbee usana ndi usiku. Madziwo amayenda kuchoka m'kachipinda kena kupita m'kanzake, amatuluka kunsi kwa ubongo, amazungulira ubongo wonse ndi mtsempha waukulu wa mumsana, kenako amalowanso m'magazi. Ntchito yawo ndi kuyandamitsa ubongo kuti usamagundike ku chigaza ndiponso kuchotsa zoipa. Munthu wamkulu amapanga madziwa pafupifupi mamililita 500 tsiku lililonse, kutanthauza theka la lita, pamene amene amakhalamo pa nthawi imodzi ndi mamililita 150 okha, choncho madzi onse amasinthidwa katatu kapena kuposerapo pa tsiku. Khanda limapanga ocheperapo, koma kasupe wake ndi yemweyo, ndipo saphwa.

Aliyense amene anaonapo ngalande za m'misika yathu nthawi ya dzinja akudziwa zimene zimachitika pamene madzi akubwerabe koma potulukira patsekeka. M'mutu mulinso malo opapatiza otero, makamaka kanjira kolumikiza kachipinda kachitatu ndi kachinayi, kamene kukula kwake sikuposa kamtengo ka machesi. Kanjirako kakatsekeka, kapena malo amene madzi amalowera m'magazi akachita zipsera, madzi amadzaza m'tizipinda tija n'kuyamba kukankhira ubongo kunja. Kwa munthu wamkulu, amene mafupa a chigaza chake anagwirana kale, zimenezi zimabweretsa mutu woopsa ndipo munthuyo akhoza kufa m'masiku ochepa. Kwa khanda mafupawo amakhala asanalumikizane, ndiye chigaza chimalola n'kumatanuka, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amapusitsika, chifukwa mwana amayamwabe, nthawi zina amamwetulira, n'kumaoneka ngati vuto lake ndi kukula mutu basi. Koma mkatimo ubongo ukuphwanyidwa pakati pa madzi ndi fupa, ukupyapyala sabata ndi sabata, mitsempha ya maso ikuphinjika, ndipo mbali ya ubongo imene yafa siphukanso.

N'chifukwa chake maganizo akuti mwana ayambe wakhwima ndimawaopa kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti agogo amawanena mwachikondi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zinthu zambiri za m'banja mawuwa ndi oona, koma pa matenda awa kudekha kumadya ubongo wa mwana. Mutu ukakula kwambiri khosi limalephera kuunyamula, mwana amangogonera mbali imodzi, khungu la pamutu limapyapyala n'kuchita zilonda, thupi limaonda, ndipo opaleshoni imene ikanakhala yosavuta pa miyezi inayi imadzakhala yovuta ndi yoopsa pa chaka chimodzi. Ife tinachedwa miyezi iwiri tikuzungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku, tikuuzana kuti tione kaye, ndipo mpaka lero mwana uja saona bwino ndi diso limodzi. Kupemphera sitinalakwe, koma tinalakwa posapemphera tili pamzere wa kuchipatala.

Tsopano za chimene chinayambitsa. Mwalemba kuti mwana anatentha thupi ndi kukomoka ali ndi masabata awiri, ndipo mfundo imeneyi mukaifotokoze bwinobwino kwa dokotala chifukwa ndi yofunika kuposa zina zonse. M'masabata oyambirira tizilombo tikalowa m'magazi a khanda timafika mosavuta ku zikutiro za ubongo ndi m'tizipinda tija, n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Majakisoni amapha tizilomboto, mwana amachira, koma mafinya ndi kutupa kuja zimasiya zipsera zimene zimatseka njira za madzi, ndipo pakapita masabata angapo mutu umayamba kukula. Dokotala wa ku America, Benjamin Warf, amene anagwira ntchito zaka zingapo pa chipatala cha ana cha CURE ku Mbale m'dziko la Uganda, anafalitsa mu 2005 zimene anapeza, zakuti mwa ana 10 alionse a madzi a m'mutu amene ankafika kumeneko, pafupifupi 6 anayamba vutoli atadwala matenda otere ali akhanda. Ana ena amabadwa kanjira kaja kali kotsekeka kale, ena amene abadwa masiku asanakwane amataya magazi mkati mwa ubongo, ena ochepa amakhala ndi chotupa, ndipo ambiri mwa ana obadwa ndi chotupa chotseguka kumsana, chimene madokotala amati spina bifida, amakhalanso ndi madzi a m'mutu.

Pa zonsezi palibe tsempho, palibe kulodzedwa, ndipo palibe chimene inu kapena bambo a mwanayo munachita m'nyumba chimene chinatseka kanjira ka m'mutu mwa mwana. Ndikulemba motsindika chifukwa ndikudziwa kuti mawu otere akayamba kuyenda pamudzi amagwera mayi, ndipo mabanja ena atha chifukwa cha kulozana zala pa matenda amene amagwiranso ana a ku London ndi ku Tokyo, kumene mawu akuti tsempho sanawamvepo. Ndikupemphaninso kuti musalole aliyense kutema mphini pamutu pa mwanayo, kumata mankhwala paliwombo kapena kumanga mutu ndi nsalu kuti usakule. Kumanga mutu sikuletsa kasupe wa mkati, ndipo bala lililonse la pamutu likachita mafinya madokotala amakakamizika kuimitsa opaleshoni mpaka litapola, chifukwa kudula pakhungu lodwala n'kulowetsa tizilombo mu ubongo.

Mukafika ku Queens, chinthu choyamba chidzakhala chophweka kwambiri: adzazunguliza tepi pamutu pa mwana, kudutsa pamwamba pa nsidze ndi pankhongo, n'kuyerekeza nambalayo ndi msinkhu wake. Mwana wobadwa pa nthawi yake mutu wake umakhala masentimita 34 kapena 35, umawonjezera pafupifupi masentimita 2 mwezi uliwonse m'miyezi itatu yoyamba, kenako sentimita imodzi pamwezi mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pokwanitsa chaka umakhala pafupifupi masentimita 45 kapena 46. Si mutu waukulu uliwonse umene uli ndi matenda, popeza alipo mabanja a mitu ikuluikulu mwachibadwa, ndipo chimene madokotala amayang'ana kwenikweni ndi liwiro la kakulidwe pamodzi ndi zizindikiro zina zija. Ine ndimalakalaka kuti tsiku la sikelo mutu wa khanda lililonse uziyezedwa ndi kulembedwa m'buku monga timachitira ndi kulemera kwa thupi, chifukwa tepi ndi yotsika mtengo kuposa chipangizo china chilichonse m'chipatala, koma ikhoza kugwira matendawa maso asanawaone.

Kenako adzamujambula. Popeza liwombo likadali lotseguka, ndipo kawirikawiri limatsekeka mwana akafika chaka ndi theka, makina a sikani, amodzimodzi aja amaunikira amayi oyembekezera, amatha kuona mkati mwa mutu kudzera pamenepo popanda ululu uliwonse. Nthawi zina amafuna chithunzi chozama cha CT scan, ndipo kawirikawiri amatengako timadzi pang'ono ta m'mutu ndi jakisoni kuti aone ngati tizilombo tinatheratu. Akapeza kuti madziwo akadali ndi matenda amayamba apereka mankhwala, ndipo opaleshoni imadikira. Kudikira kwa mtundu umenewu kuli ndi chifukwa chake ndipo kumachitika mwana ali m'manja mwa madokotala, choncho n'kosiyana kotheratu ndi kudikira kwa kunyumba.

Za mankhwala akumwa, yankho lake ndi lalifupi. Alipo mapiritsi amene amachepetsa kapangidwe ka madziwa kwa kanthawi, ndipo anayesedwa pa makanda m'maiko ena, koma sanachepetse chiwerengero cha ana ofunika opaleshoni, mwinanso anawonjezera mavuto. Kupopa madzi ndi jakisoni paliwombo kumathandiza kwa tsiku limodzi kapena awiri basi, chifukwa madziwo amabwereranso. Njira yotsekeka imafuna kutsegulidwa kapena kulambalalidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya opaleshoni.

Maopaleshoni ake alipo awiri, ndipo onsewa amachitika ku Queens. Yodziwika kwambiri ndi yoika kapaipi kotchedwa shunt. Mawu akuti kung'amba mutu amene bambo akunenawo amapereka chithunzi cholakwika, chifukwa dokotala sachotsa chigaza kapena kudula ubongo mzidutswa. Mwana akagonetsedwa ndi mankhwala, amacheka kabala kakang'ono pamutu, amaboola kabowo pafupa, n'kulowetsa kapaipi kofewa kwambiri mpaka m'kachipinda kodzaza madzi. Kapaipiko amakalumikiza ku kavalavu kamene kamakhala pansi pa khungu chakuseri kwa khutu, ndipo kuchokera pamenepo kamadutsa pansi pa khungu la khosi ndi chifuwa mpaka m'mimba, osati m'chifu kapena m'matumbo, koma m'mpata umene uli pakati pa matumbo ndi khoma la mimba, mmene thupi limamwa madziwo n'kuwabwezera m'magazi. Kavalavuko kamatseguka madzi akachuluka n'kutsekeka akachepa, ndipo sikalola kuti abwerere m'mutu. Kunja sikuoneka chilichonse kupatula kamzere kotukuka pansi pa khungu, ndipo dokotala amasiya kapaipi kotalikirapo m'mimba kuti mwana akamatalika kazitambasuka naye. Ntchito yonseyi nthawi zambiri imatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono.

Mwina zingawathandize bambo kudziwa kuti kavalavu kamene kanatsegula njira ya chithandizochi kanapangidwa ndi bambo mnzawo. John Holter, mmisiri wa zitsulo wa ku America, anabereka mwana wa spina bifida ndi madzi a m'mutu mu 1955, ndipo ataona kuti madokotala a ku Philadelphia alibe chipangizo chodalirika, anakhala pansi n'kupanga kavalavu kake kamene kanayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1956. Mwana wakeyo sanakhale moyo wautali, koma ana ambirimbiri padziko lonse akula, aphunzira ndi kukwatira chifukwa cha ntchito imeneyo. Lero m'maiko ambiri a mu Africa mumagwiritsidwa ntchito shunt yopangidwa ku India yotchedwa Chhabra, ndipo pamene Warf anaiyerekeza ndi ina ya ku America, imodzi ili pa mtengo wa madola 35 inayo madola 650, anapeza kuti patatha chaka panalibe kusiyana pa kagwiridwe ka ntchito. Choncho wina asakunamizeni kuti mwana wa munthu wosauka amaikidwa chipangizo chachabechabe.

Koma ndikhala ndikukunamizani ndikanena kuti shunt ikalowa nkhani yatha. Kapaipi ndi chinthu chopangidwa ndi anthu: kamatsekeka, kamaduka, kamasuntha, ndipo nthawi zina kamagwira tizilombo, makamaka m'miyezi yoyambirira. Ngakhale m'maiko olemera, ana 3 kapena 4 mwa 10 alionse amafunika kubwereranso ku opaleshoni chaka choyamba chisanathe. Mwana wa shunt amafuna makolo atcheru moyo wake wonse. Liwombo likatukumukanso, akayamba kusanza, kulira mokuwa mosatonthozeka, kugona kwambiri, maso akabwereranso pansi, pamene padutsa kapaipi pakafiira kapena kutupa, bala likamatuluka madzi, mimba ikatupa, kapena akatentha thupi popanda chifukwa chodziwika, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Akakula amadandaula mutu ndipo amafooka m'kalasi. Kuno kwathu kutentha thupi ndi kusanza timathamangira kunena kuti ndi malungo, choncho muzikumbutsa wachipatala aliyense kuti mwanayu ali ndi shunt, ndipo akayezedwa malungo n'kupezeka alibe musabwerere kunyumba ndi panado yekha.

Opaleshoni yachiwiri imatchedwa ETV, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti siisiya chipangizo chilichonse m'thupi. Dokotala amalowetsa kachitsulo kowonda kokhala ndi kamera ndi nyale, nthawi zambiri kudzera m'mphepete mwa liwombo, n'kumaona mkati pa sikirini. Akafika pansi pa kachipinda kachitatu amaboola kabowo pakhoma lopyapyala la pamenepo, ndipo madzi amapeza njira yatsopano yolambalala malo otsekeka aja. Kwa ana osakwana chaka njirayi payokha sinkagwira bwino, ndipo Warf ali ku Mbale anawonjezerapo kuwotcha mbali ya tinyama topanga madzi tija kuti kasupe achepe mphamvu. Pa ana osakwana chaka amene anawachita, opaleshoni yoboola yokha inathandiza 47 mwa 100 alionse, pamene yophatikiza ndi kuwotcha inathandiza 66 mwa 100. Kafukufuku wina wa ku Uganda komweko, wofalitsidwa mu 2017, anagawa makanda 100 amene madzi awo anayamba ndi matenda m'magulu awiri, ena ETV yophatikiza ndi kuwotcha kuja ena shunt, ndipo patatha chaka kakulidwe ka nzeru sikanasiyane kwenikweni pakati pa maguluwo. Kuno kwathu Dr Patrick Kamalo, dokotala wa maopaleshoni a ubongo ku Queens, analemba za njirayi mu Malawi Medical Journal kale mu 2013.

Kwa banja lokhala kutali ndi chipatala chachikulu, kukhala opanda kapaipi ndi mpumulo waukulu, ndipo ETV ikalephera kawirikawiri imalephera m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, pamene shunt ikhoza kutsekeka ngakhale patatha zaka khumi. Komabe musapite ndi mtima wokasankha ngati pamsika. Mwa ana amene anadwala matenda oumitsa khosi, zipsera nthawi zina zimakhala zitadzaza kunsi kwa ubongo, kotero kuti ngakhale ataboola madzi alibe kopita, ndipo izi dokotala amatha kuzidziwa ali mkati mwa opaleshoni n'kusintha kuika shunt. Chimene muyenera kuchita ndi kufunsa kuti kwa mwana wanuyu akuona kuti njira yabwino ndi iti ndipo chifukwa chake n'chiyani, ndipo muli ndi ufulu woyankhidwa m'Chichewa chomveka musanasaine kapena kudinda chala pa pepala lovomereza.

Mantha a bambo akuti mwana sadzuka sindikuwapeputsa. Opaleshoni iliyonse ya m'mutu ili ndi ngozi zake, monga kutaya magazi, kulowa kwa tizilombo ndi mavuto a mankhwala ogonetsa, ndipo alipo ana amene amamwalira, makamaka ofika mochedwa, oonda kwambiri kapena amene ubongo wawo unawonongeka kale. M'wodi imene tinagonekedwamo ndinaona mabedi ena akutsala opanda anthu, ndipo sindidzaiwala. Koma muyezo wachilungamo suyerekeza opaleshoni ndi mwana wabwinobwino, umayerekeza opaleshoni ndi mwana amene madzi akupitiriza kumudzaza m'mutu, ndipo ana osathandizidwa ambiri amamwalira akadali aang'ono kapena amatsala akhungu ndi olumala kwambiri. Kuchita maopaleshoni a makanda si chinthu chachilendo mu Blantyre muno. Chipatala cha Queens chakhala chikuthandiza anthu kuyambira 1958, ndi pamene madokotala a ku Kamuzu University of Health Sciences amaphunzirira ntchito, ndipo kuyambira mu 2017 pali nyumba ya Mercy James yochitira maopaleshoni a ana, imene ilinso ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya.

Langizo langa ndi lakuti musalimbane ndi bambo ndi apongozi panokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chigamulo chachikulu chotere chikagwera mayi yekha, chilichonse chimene chingavute pambuyo pake amadzamuloza nacho chala. Apempheni bambo kuti apite nanu, osati kukavomereza opaleshoni, koma kukamva okha ndi kukaona chithunzi cha m'mutu mwa mwana wawo. Ndaona amuna ouma mtima akufewa ataona pa sikirini mdima wa madzi ndi kamzere kopyapyala ka ubongo kotsala m'mphepete. Ngati amalume ake a mwanayo kapena ankhoswe anu ali pafupi, auzeni nkhaniyi lero, ndipo ngati kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu kuli mtsogoleri amene amamvetsa za chipatala, mawu ake akhoza kufika pamene anu sakufika. Koma zokambiranazi zisadye masabata. Zikakanika, kupita ndi mwana wodwala kukapimidwa si mlandu, ndipo kukapimitsa si kusaina opaleshoni.

Mudafunsanso m'munsi mwa kalata yanu, ngati mochita manyazi, kuti kodi mwanayu adzayenda ndi kupita kusukulu. Palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni lero, chifukwa zimadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa zimene matenda oyamba aja anawononga, ndi kutalika kwa nthawi imene ubongo wakhala ukuphinjika. Choyambacho chinachitika kale ndipo simungachisinthe, koma chachiwiricho chikadali m'manja mwanu. Ubongo wa khanda umatha kufutukukanso madzi akachotsedwa msanga, ndipo ana ambiri amene athandizidwa pa nthawi yake amayenda, amalankhula ndi kuphunzira pamodzi ndi anzawo, ngakhale ena amachedwerapo. Ena amatsala ndi khunyu, imene nthawi zambiri imagonja ku mankhwala akamamwedwa mosadumphitsa, ena amafooka miyendo kapena mbali imodzi ya thupi. Mutu subwerera kukhala waung'ono, koma umasiya kuthamanga ndipo thupi limaupeza pang'onopang'ono. Mwana wa mng'ono wanga uja anayenda ali ndi zaka ziwiri ndi theka, shunt yake inasinthidwapo kamodzi, ndipo pano ali ku pulayimale, kumene amakhala kutsogolo chifukwa cha diso lija.

Chimene chinamuthandiza kwambiri pambuyo pa opaleshoni ndi mafizo. Anatiphunzitsa kumugoneka chafufumimba ali maso kuti khosi lilimbe, kumutembenuza mutu pafupipafupi kuti asachite zilonda, kumukhazika mochirikiza, ndi kumuseweretsa ndi zinthu zowala ndi zolira, ndipo ntchito yeniyeni inkachitika pamphasa kunyumba tsiku ndi tsiku, osati pa tsiku la kuchipatala lokha. Pitirizani kuyamwitsa mwakathithi, chifukwa bala la mwana wonenepa bwino limapola msanga, ndipo inunso muzidya mokwanira. Katemera asadumphe. Mwana wa shunt amasambitsidwa bala likapola, amaberekedwa kumbuyo, amasewera ndi anzake, ndipo sayenera kubisidwa m'nyumba chifukwa cha maso a anthu. Pa 25 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ana a spina bifida ndi hydrocephalus, ndipo mukadzakumana ndi makolo anzanu kuchipatala mudzatenge manambala awo, chifukwa mayi amene anadutsamo kale amadziwa zinthu zimene sizilembedwa m'buku lililonse.

Kwa owerenga ena amene ali oyembekezera kapena ali ndi makanda, ndiwonjezere mawu ochepa. Khanda losakwana mwezi likatentha thupi, likazizira modabwitsa, likasiya kuyamwa kapena likakomoka, limenelo ndi la kuchipatala ola lomwelo, chifukwa kuchedwa kwa tsiku limodzi ndi kumene kumapatsa tizilombo mpata wofika ku ubongo. Pamchombo pasaikidwe phulusa, dothi, mafuta kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene achipatala apereka. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amateteza ku tizilombo tiwiri toyambitsa matenda oumitsa khosi, ndipo mmodzi mwa akatemerawa, wa chibayo, anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu Novembala 2011. Za spina bifida, msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba a mimba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, choncho mapiritsi a folic acid, mamaikilogalamu 400 patsiku, amathandiza kwenikweni akayambidwa mimba isanakhale, ndipo mayi amene anaberekapo mwana wa vutoli amafunika mlingo wokulirapo umene dokotala amalemba.

Mayi a ku Bangwe, inu muli ndi mwayi umene amayi a ku Nsanje kapena ku Mangochi alibe, chifukwa kuchoka kwanuko kufika ku Queens ndi ulendo waufupi wa minibasi, ndipo popeza Blantyre ilibe chipatala cha boma chapakati, kalata ya kuchipatala chaching'ono imakufikitsani komweko mwachindunji. M'mawodi wamba a chipatala cha boma opaleshoni salipiritsa, ndipo ndalama zimene muyenera kukonzekera ndi zoyendera, sopo, ndi chakudya cha amene adzakudikirireni. Madokotala a ubongo ndi ochepa m'dziko muno ndipo ana ofuna thandizo ndi ambiri, choncho mwina adzakupatsani tsiku loti mubwerenso. Zikatero musachoke musanafunse kuti mutu wayezedwa masentimita angati, nambalayo ilembedwe m'buku pamodzi ndi deti, ndipo mufunse kuti mukaona chiyani mubwerere tsikulo lisanakwane. Mukabwerako mundilemberenso, mundiuze nambalayo ndi zimene madokotala anena, ndipo ngati bambo akadali ndi mafunso, alembe okha kapena munditumizire mawu awo monga awanenera, ndidzawayankha mmodzimmodzi.